Mlandu wofuna kukutsekani pakamwa: lamulo likutetezani mpaka pati, nanga apilo imayenda bwanji?

Pali milandu ina imene munthu amakasuma ku khoti asakusamala n'komwe ngati adzapambana. Chimene akufuna n'chakuti amene analankhula uja atope, ndalama zimuthere, tulo timusowe, ndipo onse amene akuonerera aphunzirepo kusunga pakamwa. Wosuma amakhala munthu wa ndalama kapena wa udindo: kampani yogula mbewu, kontrakitala amene anapatsidwa ntchito ya msewu, wandale. Wosumidwa amakhala mtolankhani wa wailesi ya m'dera, mlembi wa kopaletivu, kapena mayi amene anaimirira pa msonkhano n'kufunsa kuti ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera, zomangira sukulu zathera kuti. Aphunzitsi awiri a pa University of Denver ku America, George Pring ndi Penelope Canan, anafufuza milandu yotere m'zaka za m'ma 1980 n'kuitcha SLAPP, dzina limene maloya akugwiritsabe ntchito. Muno mu Zambia tilibe lamulo lapadera lothana nayo. Ndiye munthu wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Lundazi ayenera kudziwa chitetezo chochepa chimene ali nacho, makamaka mmene apilo imayendera, chifukwa ndi pa nthawi ndi pa ndalama pamene mlandu wotere umamudyera munthu.

Tiyerekeze kuti ndi nyengo yogulitsa soya. Mlembi wa kopaletivu ina ya ku Chipangali wayeza matumba ake kunyumba, lililonse makilogalamu 50, koma pa sikelo ya wogula likutuluka 46. Anzake anayi aona zomwezo. Madzulo akuimba foni pa pulogalamu ya alimi ya pa wailesi, akutchula kampaniyo, akuti sikelo yawo ndi yobera. Sabata isanathe kwabwera kalata ya loya: apepese pa wailesi yomweyo, alipire ndalama zimene sangazipeze ngakhale atagulitsa ng'ombe zonse za m'khola, apo ayi akaonana ku khoti. Kenako samani ikufika, ndipo mlandu sanausume ku Chipata kumene kuli High Court, ausuma ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Akwera basi ya m'bandakucha, agona kwa wachibale ku Mtendere, m'mawa akafika ku khoti auzidwa kuti loya wa kampani wapempha tsiku lina. Abwerera. Patapita miyezi, chimodzimodzi. Nthawi yonseyi palibe amene wafunsa ngati sikelo ija inalidi yobera. Wailesi nayo, imene mwina yasumidwa limodzi, yayamba kudula foni ya aliyense wofuna kutchula dzina la kampani. Mlandu wotere uli ngati kaufiti m'munda wa chimanga: pamwamba mumangoona timaluwa, pansi akuyamwa mizu.

Yambiri mwa milanduyi imabwera m'dzina la kuipitsa mbiri. Apa tisafulumire kunena kuti lamulo la kuipitsa mbiri ndi loipa. Munthu amene wanamiziridwa ufiti, kapena kuti anadya ndalama za mpingo, akufunika kopita kuti akayeretse dzina lake, ndipo Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko, limene limatipatsa ufulu wolankhula zakukhosi, limalolanso malamulo oteteza mbiri za ena. Vuto lagona pa funso lakuti ndani ayenera kubweretsa umboni. Wosuma amangofunika kusonyeza kuti mawuwo anafika kwa anthu ena, kuti ankanena za iye, ndi kuti ndi mawu otsitsa munthu pamaso pa anzake. Sakakamizidwa kusonyeza kuti ndi bodza. Lamuloli, limene tinatengera ku England, limayamba ndi kuwatenga mawuwo ngati onama, ndipo ndi wosumidwa amene ayenera kukhutiritsa khoti kuti ndi oona. Mlembi uja akudziwa zimene anaona, koma kodi anasunga lisiti? Kodi anzake anayi aja adzavomera kukaimirira ku khoti, pomwe chaka chamawa akufuna ngongole ya feteleza ku kampani yomweyo? Dziwaninso kuti wobwereza mawu ali ndi mlandu ngati woyambitsa. Kutumiza uthenga wa wina pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook n'kuwonjezera kuti "ndangomva" sikupulumutsa munthu.

Zodzitetezera zilipo, zina mu Defamation Act, lamulo la za kuipitsa mbiri, zina m'zigamulo zakale. Chachikulu ndi choonadi chomwecho. Kenako pali ufulu wa maganizo: munthu angathe kunena mmene akuonera, ngakhale mawu ake atawawa, pa nkhani yokhudza anthu ambiri, malinga ngati maganizowo aima pa zinthu zoona ndipo sakunenedwa mwa njiru. Kunena kuti "thumba langa la 50 latuluka 46, ine ndikuona kuti uku n'kutipondereza" n'kotetezeka kwambiri kusiyana ndi kunena kuti "manejala uja ndi mbava." China chimene ambiri sachidziwa n'chakuti dandaulo loperekedwa moona mtima kwa amene ali ndi udindo wolimva limatetezedwa, ngakhale pambuyo pake litapezeka kuti silinali lolondola ndendende. Nkhani ya masikelo ili ndi eni ake, a Zambia Metrology Agency. Ya ziphuphu ndi ya a Anti-Corruption Commission. Ndipo pali lamulo la 2010 loteteza oulula zachinyengo amene atsata njira zake. Sindikunena kuti mlimi asapite pa wailesi, ayi, wailesi ndiyo yakhala ikuthandiza alimi kumvana. Koma kalata yopita kwa eni nkhani, kope lake n'kulisunga, imamupatsa poima tsiku limene adzafunsidwe.

Pa nkhani ya atsogoleri, chigamulo chimene maloya amabwererako ndi cha 1995, pa mlandu wa a Michael Sata, amene panthawiyo anali nduna, ndi nyuzipepala ya The Post. Anaweruza ndi a Matthew Ngulube, mkulu wa majaji nthawi imeneyo, atakhala ngati jaji wa High Court. Panali pempho lakuti Zambia itengere mfundo ya ku America ya 1964, ya pa mlandu wa New York Times ndi Sullivan, imene imati wa udindo sangapambane pokhapokha atasonyeza kuti wolembayo ankadziwa kuti akunama kapena sanasamale n'komwe za choonadi. A Ngulube sanaitenge yonse mfundoyo, koma ananena momveka kuti wa udindo ayenera kupirira kudzudzulidwa pa ntchito yake kuposa munthu wamba. N'chigamulo chothandiza. Koma taonani nthawi imene chimamufikira wosumidwa: kumapeto, mlandu wonse utamvedwa, munthu atagulitsa kale njinga ndi malata.

Palinso mbali ya apolisi, imene ndingoidutsa mwachidule. Gawo 69 la Penal Code (buku la malamulo a milandu ya upandu), limene linkatha kumutsekera munthu mpaka zaka zitatu chifukwa chonyoza Pulezidenti, linachotsedwa mu Disembala 2022. Gawo 67, la kufalitsa nkhani zabodza, High Court inalithetsa mu 2014. Koma gawo 191, limene limatenga kuipitsa mbiri ngati mlandu wa upandu, silinapite limodzi ndi 69. Khoti la ufulu wa anthu la Africa, limene lili ku Arusha, linagamula mu Disembala 2014, pa mlandu wa mtolankhani wa ku Burkina Faso Lohé Issa Konaté, kuti kutsekera munthu chifukwa cha kuipitsa mbiri n'kuphwanya ufulu wake. Anansi athu a ku Malawi, kuseri kwa Mwami kuno, khoti lawo linathetsa gawo lotere mu Julayi 2025.

Nanga palibe njira yothetsera mlandu usanapite patali? Ilipo, koma ndi yopapatiza. Pamene malamulo athu sananenepo kanthu, High Court imatsata ndondomeko ya makhoti a ku England ya 1999, imene maloya amaitcha White Book. Order 18 rule 19 ya mmenemo imalola jaji kutaya mlandu wopanda maziko, wongofuna kuvutitsa, kapena wogwiritsa ntchito khoti molakwika. Majaji amaigwiritsa ntchito pa milandu yoonekeratu kuti ndi yachabe; pakangokhala kutsutsana pa umboni amati mlandu ukamvedwe wonse. Loya wa wosuma amadziwa zimenezi, choncho amalemba mapepala ake mwakuti asaoneke achabe. Pa chiletso ndiye pali mpumulo pang'ono: mfundo yakale ya ku England ya 1891 imati khoti lisafulumire kuletsa munthu kulankhula mlandu usanamvedwe ngati iye akuti adzatsimikiza kuti zimene ananena n'zoona. Wosumidwa angapemphenso kuti mlandu ukamvedwere kufupi ndi kumene kuli mboni zake. Chimene sayenera kuchita ndi kuika samani pansi pa mphasa. Masiku oyankhira alembedwa pa pepala lomwelo, ndipo akadutsa, wosuma angathe kupatsidwa chigamulo popanda inu kumvedwa. Mlandu suola.

Tsopano apilo. Makhoti athu ali mu ndondomeko yokwera. Pansi pali Local Court, kumene anthu amadzilankhulira okha popanda maloya ndipo kumathera milandu yambiri ya kutukwanana ndi kunenezana m'midzi. Wosakhutira amapita kwa majisitireti, ku Subordinate Court. Kuchoka kwa majisitireti apilo imapita ku High Court. Chaka cha 2016 chisanafike, wochoka ku High Court ankalunjika ku Supreme Court, koma kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa chaka chimenecho kunabweretsa Court of Appeal pakati, komanso Constitutional Court, imene ili pa msinkhu umodzi ndi Supreme Court. Apa ambiri amasokonezeka, poganiza kuti nkhani ya ufulu wolankhula imapita ku Constitutional Court. Si choncho. Referendamu ya pa 11 Ogasiti 2016, imene inkafuna kusintha gawo la maufulu, sinakwanitse mavoti ofunika, ndiye Gawo 28 lakale likugwirabe ntchito: wodandaula kuti ufulu wake waphwanyidwa amayambira ku High Court, ndipo apilo ya nkhani imeneyo imapita ku Supreme Court. Mlandu wamba wa kuipitsa mbiri, wofuna chipukuta misozi, umadzera ku Court of Appeal.

Chinthu choyamba pa apilo ndi masiku. Chigamulo cha High Court chikatuluka, muli ndi masiku 30 opereka chidziwitso cha apilo pamodzi ndi zifukwa zanu. Mukatero muli ndi masiku 60 okonza ndi kupereka buku lonse la mlandu: mapepala onse, zimene mboni zinanena, chigamulo, ndi mfundo zanu zolembedwa. Bukuli limadya ndalama, chifukwa liyenera kutaipidwa, kuikidwa manambala ndi kukopedwa kangapo, ndipo apilo zina zimafera pomwepa, zisanafike pamaso pa majaji. Wogamulidwa pa mlandu wa upandu kwa majisitireti ali ndi masiku 14 okha, ndipo belo yodikirira apilo amaipempha payokha. Mukachedwa mungapemphe kuti akuwonjezereni nthawi, koma muyenera kufotokoza chimene chinakuchedwetsani, ndipo khoti silikakamizidwa kuvomera.

Chachiwiri, chimene chagwetsa anthu ambiri: kuchita apilo sikuimitsa chigamulo. Ngati khoti lati mulipire, wopambana angathe kutumiza mabelifi kudzatenga katundu apilo yanu ili m'njira. Pamafunika pempho lina, lakuti chigamulo chiyambe chaima, ndipo jaji amayang'ana ngati apiloyo ili ndi mwayi weniweni komanso ngati mungawonongeke mosabwezereka. Makhoti athu amanena kawirikawiri kuti wopambana asamanidwe zipatso za chigamulo chake popanda chifukwa chomveka. Kwa wailesi yaing'ono ya m'dera, kutengedwa kwa makina oulutsira mawu ndiko kutha kwa wailesiyo, ngakhale itadzapambana pambuyo pa zaka ziwiri.

Chachitatu ndi chimene apilo ili. Si kuyambiranso mlandu. Majaji a Court of Appeal, amene amakhala osachepera atatu pomva apilo, saitananso mboni; amawerenga buku lija n'kumva maloya. Ntchito yawo yaikulu ndi kuona ngati jaji woyamba analakwitsa lamulo. Pa za umboni, monga kuti mboni iyi inanena zoona kapena ayi, amamusiyira amene anaziona mbonizo ndi maso. Mfundo imeneyi inakhazikika pa mlandu wa Wilson Masauso Zulu ndi Avondale Housing Project mu 1982: khoti la apilo limangosintha zimene jaji anapeza pa umboni ngati zili zokhota moonekeratu, ngati panalibe umboni wozichirikiza, kapena ngati jajiyo sanamvetse nkhani. Umboni watsopano saulandira wamba, ndipo mfundo imene simunaidzutse ku khoti loyamba sakulolani kuiyambitsa pa apilo. Kuchoka ku Court of Appeal kupita ku Supreme Court si ufulu wa aliyense. Mumapempha chilolezo pasanathe masiku 14, n'kusonyeza, mwachitsanzo, kuti pali funso la lamulo lokhudza dziko lonse, kapena kuti apiloyo ili ndi mwayi womveka.

Zonsezi zinaikidwa ndi cholinga chabwino, kuti jaji akalakwa pakhale womukonza. Koma onani mmene zimagwirira ntchito pa mlandu wotseka pakamwa. Wosumidwa akapempha kuti mlandu utayidwe koyambirira, jaji n'kukana, chigamulo chimenecho ndi cha pakati pa mlandu, ndipo lamulo la Court of Appeal limati zigamulo zambiri zotere sizichitidwa apilo popanda chilolezo. Akakanizidwa, ayenera kupirira mlandu wonse. Akapambana kumapeto, wa ndalama uja amachita apilo, ndipo kwa iye imeneyo ndi ndalama yochepa imene yamugulira chaka china cha bata. Zoona, wolephera amauzidwa kubweza zimene mnzake wawononga pa mlandu, koma zimabwera mochedwa, sizibwera zonse, ndipo palibe amene amabweza nyengo ya dzinja imene munthu anathera pa msewu wa Great East m'malo mwa kumunda. N'chifukwa chake ambiri amapepesa pa zinthu zimene akudziwa kuti ananena zoona. Ine sindingawaweruze.

Maiko amene anakhazikitsa malamulo apadera anayang'ana pa mfundo yomweyi ya nthawi ndi ndalama. California, ku America, inakhazikitsa lamulo lake mu 1992. Wosumidwa ali ndi masiku 60 opempha kuti mlandu utayidwe. Iye amangosonyeza kuti akusumidwa chifukwa cholankhula pa nkhani yokhudza anthu. Akatero ndi wosuma amene ayenera kuonetsa khoti, pomwepo, kuti mlandu wake uli ndi mwayi wopambana. Pempholi likangoperekedwa, ntchito yofunsana mapepala ndi mboni, imene imadya ndalama zambiri, imaima. Wosumidwa akapambana, wosuma amalipira loya wake. Ndipo jaji akakana pempholo, wosumidwa ali ndi ufulu wochita apilo nthawi yomweyo, osadikira kuti mlandu uthe. Mfundo yomalizayi ndiyo mtima wa chitetezo chonse, chifukwa ufulu wosavutitsidwa ndi mlandu sungabwezedwe kwa munthu amene wavutika nawo kale. Ili ndi vuto lake: ku California komweko pali madandaulo akuti ena amene analakwiradi anzawo amagwiritsa ntchito apilo yomweyi kuchedwetsa milandu yoona. Ontario, ku Canada, polemba lamulo lake mu 2015 inati pempho limvedwe pasanathe masiku 60, ndipo apilo yake imvedwe mwamsanga. Maiko a European Union anavomereza lamulo lawo mu Epulo 2024, pokumbukira mtolankhani wa ku Malta Daphne Caruana Galizia, amene anaphedwa ndi bomba mu Okutobala 2017 ali ndi milandu yoposa 40 ya kuipitsa mbiri.

Chitsanzo chimene chili pafupi nafe ndi cha ku South Africa, kumene nakonso kulibe lamulo lapadera. Makampani a migodi okhudzana ndi kampani ina ya ku Australia anasumira anthu asanu ndi mmodzi, maloya a zachilengedwe ndi omenyera ufulu wa anthu a m'midzi, kufuna ndalama zoposa marandi 14 miliyoni chifukwa cha zimene ananena pa za migodi ya mchenga, kuphatikizapo ya ku Xolobeni. Mu Novembala 2022 Constitutional Court ya kumeneko, pa mlandu wa Mineral Sands Resources ndi Reddell, inavomereza kuti munthu angadziteteze ponena kuti mlandu ndi SLAPP, chifukwa umenewo ndi mtundu wa kugwiritsa ntchito khoti molakwika. Inawonjezera kuti sikokwanira kungonena kuti wosuma ali ndi cholinga choipa. Khoti liyenera kuonanso ngati mlanduwo uli ndi maziko, ndi mmene ungapwetekere ufulu wolankhula. Koma kuti funso limodzi lokhali liyankhidwe panapita zaka pafupifupi zisanu, ndipo osumidwawo anali ndi maloya odziwa ntchito owaimira. Mlimi wa ku Vubwi alibe zimenezo.

Kwa ine, Nyumba ya Malamulo ikufunika kulemba lamulo lotere, ndipo lisakhale la atolankhani okha. Access to Information Act ya mu Disembala 2023 inatipatsa njira yofunsira mapepala a boma, koma munthu amene wapeza mapepala osonyeza kuti mjigo unalipiridwa koma sunakumbidwe adzawagwiritsa ntchito bwanji ngati kuwatchula pagulu kumubweretsera zaka zitatu za ku khoti? Lamulolo liyenera kupereka masiku owerengeka oti jaji agamule koyambirira, kuika ndalama za loya pa wosuma amene wapezeka kuti amangofuna kuopseza, ndi kunena poyera kuti apilo ya chigamulo chimenecho ili ndi njira yakeyake yachangu. Liyeneranso kusiya khomo lotsegula kwa amene wanamiziridwadi, apo ayi tidzangosamutsa nkhanza kuchoka mbali ina kupita ina.

Pakali pano, amene walandira kalata kapena samani apite nayo msanga ku ofesi ya Legal Aid Board, imene ilipo ku Chipata, kapena kwa loya aliyense. Atolankhani ali ndi MISA Zambia, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani. Asafufute uthenga, asataye malisiti, apemphe wailesi kuti isunge mawu a pulogalamu ija, chifukwa zimene munthu ananenadi ndi zimene zalembedwa pa samani nthawi zina zimasiyana. Chigamulo cha ku South Africa sichimanga majaji athu, koma angathe kuchiwerenga n'kuchitsata ngati chawakhutiritsa, popeza mfundo ya kugwiritsa ntchito khoti molakwika ili kale m'malamulo athu. Loya wa wosumidwa ayenera kuilemba mfundoyi m'mapepala oyamba enieni oyankhira mlandu, pamodzi ndi Gawo 20, ndi kupempha jaji kuti agamulepo. Akaisiya, Court of Appeal sidzamulola kuidzutsa, ndipo funsolo silidzafika ku Supreme Court kumene likanayankhidwira dziko lonse.